Lumo, Lamulo ndi Tsitsi la Amuna

Lero tili kumapiri a Thekerani, kummwera kwa boma la Thyolo. Pakutha pa mwezi, anthu akalandira malipiro kuminda ya tiyi, mudzaona abambo ndi anyamata atakhala pamzere kudikira wometa. Kodi nchifukwa ninji mwamuna wa kuno kwathu amakonda tsitsi lalifupi? Zifukwa zilipo zitatu: mwambo, lamulo ndi ukhondo.

Tiyambe ndi mwambo. Makolo athu sankaona kumeta ngati chinthu wamba. Maliro akaikidwa, pankakhala tsiku lakuti anamfedwa ametedwe mpala, kusonyeza kuti kulira kwafika pamapeto ndipo aliyense abwerere ku ntchito zake. M'midzi yambiri mwambo umenewu ulipobe.

Chachiŵiri ndi lamulo. M'chaka cha 1973, mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, boma linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. M'nyengo yomweyo amuna analetsedwa kusunga tsitsi lolendeŵera kupitirira pamene pali kamwa. Popeza tsitsi lathu limakula moimirira, lamuloli linkagwira makamaka alendo, ndipo ena ankametedwa pabwalo la ndege la Chileka asanaloledwe kuloŵa m'dziko. Malamulo ameneŵa anatha mphamvu Amalaŵi atasankha ndale za zipani zambiri pa 14 June 1993. Komabe m'sukulu za boma chizoloŵezi chokakamiza kumeta chinapitirira, kufikira mu May 2023 pamene Justice Zione Ntaba, pabwalo lalikulu la milandu ku Zomba, anagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari aziloledwa kuphunzira osameta tsitsi lawo.

Tsono chimene chatsalira m'manja mwathu ndi ukhondo. Munthu wothyola tiyi amakhala padzuŵa ndi pamvula, chipeŵa chili kumutu, thukuta lili kamukamu. Tsitsi lalifupi limatsukika msanga, limauma msanga, ndiponso nsabwe zimasoŵa pobisala. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, nchifukwa chake ambiri amapita kokameta pakapita masabata aŵiri kapena atatu.

Koma tisaiŵale kuti malo amene timakonzerapo mutu ndi amenenso tingatengerepo matenda. Chipere chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu timene timayenda pa chipeso, pa thaulo ndi pa makina ometera. Choopsa koposa ndi lezala yobwerekana. Ikacheka munthu imatenga magazi, ngakhale ochepa osaoneka ndi maso. Kachilombo ka matenda a chiŵindi otchedwa hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7. Ka HIV sikachedwa kufa chotero, komabe lezala ya magazi aaŵisi siyenera kukhudza munthu wina.

Nanga tichite chiyani? Wometa atsegule lezala yatsopano inu mukuona, ndipo apukute makina ndi sipiliti asanakukhudzeni. Musachite manyazi kufunsa, pakuti mutuwo ngwanu. Pometa ndevu, yambani mwazifeŵetsa ndi madzi ofunda ndi sopo. Sanalakwe akuluakulu poyerekeza nkhanza ndi kumeta mpala wopanda madzi. Lumo lizitsata kumene ndevu zaloza, ndipo musamete mopalira kwambiri, chifukwa tsitsi lopotana likadulidwa pafupi zedi ndi khungu limapinda nkubayanso khungulo, ndiye chiyambi cha tiziphuphu ta pakhosi. Mwana akagwidwa chipere cha kumutu, pitani naye kuchipatala, popeza mankhwala opaka okha sachiza, pamafunika akumwa.

Kale anatimeta ndi mwambo, pambuyo pake lamulo. Lero mwini mutu asankha yekha, koma posankhapo ayang'anitsitse chimene chili m'dzanja la wometa.