N'chifukwa chiyani bulu wokalamba amangogwa?

Bulu wa agogo anga ku Mponela, m'boma la Dowa, wakoka ngolo kwa zaka zambiri. Atakalamba anayamba zachilendo: ali chiimire masanasana, mutu unkatsika pang'onopang'ono, mawondo akutsogolo n'kupindika, kenaka khu! pansi. Ena ankati walodzedwa.

Anzanga, nkhani yake ndi tulo. Abulu ndi akavalo amatha kuwodzera ataimirira chifukwa mitsempha ya m'miyendo mwawo imagwira mfundo kuti zisapindike. Koma pali tulo tina, totchedwa REM, tomwe timafooketsa minofu yonse. Kuti agone tulo timeneti, ayenera kugona pansi mphindi pafupifupi 30 patsiku.

Tsono bulu wa nyamakazi amaopa kugona pansi poti kudzuka n'kowawa. M'khola lamatopenso safuna kugonamo. Pakapita masiku, tulo tija timamugwira ali chiimire, basi n'kugwa.

Komatu kugwa kwina kumadza ndi matenda a mtima, magazi akamafika ochepa ku ubongo. Choncho mukaona zilonda pamawondo akutsogolo, musamukwapule kuti ndi waulesi. Mupumitseni pangolo, muyalireni udzu wouma m'khola, ndipo itanani alangizi a ziweto adzamuyeze.