Mwana waluso pa masamu asamangodikira anzake

M'sukulu zambiri mumapezeka mwana amene amamaliza masamu anzake asanatsegule n'komwe makope. Kawirikawiri amauzidwa kuti akhale chete, kapena amapatsidwa masamu ena ofanana ndi omwe wakhoza kale. Makolo akapempha kuti aziphunzira ndi a kalasi yapamwamba, amayankhidwa kuti kuthamanga sikufika. Komatu kafukufuku wa zaka zoposa 50 akusonyeza kuti mwana wotere amapindula akaloledwa kupita patsogolo, ndipo kumugwira miyendo n'kumene kumamutayitsa nthawi ndi chidwi.

Umboni waukulu ukuchokera ku America. Mu 1972, katswiri wa za maganizo Julian Stanley wa pa yunivesite ya Johns Hopkins anayamba kulembetsa ana a zaka 12 ndi 13 mayeso a SAT, omwe amalemba ndi ofuna malo ku yunivesite. Anatero chifukwa mayeso a kalasi yawo ana anzeru amakhoza pafupifupi onse, choncho saonetsa pamene luso la aliyense lalekezera. Ntchitoyi anaipitiriza ndi Camilla Benbow ndi David Lubinski a ku Vanderbilt, ndipo yatsatira anthu pafupifupi 5,000 mpaka kukula. Mu 2013 ofufuzawa anayerekeza omwe anadumpha kalasi ndi anzawo a luso lofanana omwe sanadumphe. Odumphawo ndiwo anachuluka pa opeza digiri ya PhD, ndipo anaipeza ali aang'onopo.

Ambiri amaopa kuti mwana akasakanikirana ndi akuluakulu adzasowa anzake n'kusokonekera maganizo. Manthawa ndi omveka, koma gulu lomweli litafufuza anthu aja atafika zaka 50, linapeza kuti omwe anafulumizidwa pa maphunziro sanali osasangalala kuposa anzawo. Ku Australia, Miraca Gross anatsatira ana 60 anzeru zodabwitsa, ndipo omwe ankavutika kwambiri kupeza mabwenzi anali omwe anasiyidwa m'kalasi ya msinkhu wawo. Komanso sikuti mwana achite kudumpha kalasi yonse ayi. Terence Tao, yemwe anapambana mendulo ya Fields ya akatswiri a masamu mu 2006, ali ndi zaka 9 ankaphunzira masamu ku yunivesite ya Flinders, maphunziro ena n'kumatengera ku sekondale. Ana onga Tao ndi osowa, koma njira yokweza mwana pa phunziro limodzi lokha ingathandize ambiri.

Ena amati kutero n'kukondera. Mzinda wa San Francisco unaganiza choncho mu 2014, ndipo unachotsa phunziro la algebra m'giredi 8 kuti ana onse aziyendera limodzi. Mabanja a ndalama anangolipirira ana awo maphunziro apadera, osauka n'kutsala, mpaka mu 2024 akuluakulu a maphunziro anagwirizana zobwezeretsa phunzirolo. Kutseka khomo kumapweteka mwana wa mmphawi, chifukwa iye alibe kwina kolowera. Kuno ku Malawi, komwe makalasi anadzaza chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, mphunzitsi wa ana 100 sangakonzere mwana mmodzi phunziro lakelake. Koma kulola mwana wa Sitandade 5 kukakhala mu Sitandade 6 pa nthawi ya masamu sikufuna ndalama. Chofunika n'choti makalasi awiriwo aziphunzira masamu nthawi imodzi.

Chodetsa nkhawa chenicheni n'chakuti mwana angadumphe mitu ina yofunika, poti masamu amamangirirana. Mankhwala ake ndi kumuyesa kaye. Alembe mayeso omaliza chaka a kalasi yomwe akufuna kuidumpha, mitu yomwe walephera aphunzitsidwe, kenako ayesere teremu imodzi, ndipo zikakanika abwerere popanda kumuchititsa manyazi. Mwanayo afunsidwenso ngati akufuna. Makolo, mukamapita kwa ahedi tengani makope ndi malipoti a mwana wanu, ndipo pemphani kuti ayesedwe. Zotsatira za mayesowo ndizo zigamule kalasi yomuyenera.