CHIBWIBWI CHA MFUMU: GAWO LOYAMBA

Pa 3 Sepitembala 1939, pamene boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, Mfumu George VI inalankhula pa wailesi kudziwitsa maiko onse a pansi pa Britain, kuphatikizapo Nyasaland, kuti nkhondo yayamba. Mfumuyo inali yachibwibwi. Nkhani imeneyi ndiyo gwero la kanema wa The King's Speech wa mu 2010, wolembedwa ndi David Seidler, yemwenso anali ndi chibwibwi paubwana wake.

Chipangizo choyamba chimene mlembi wagwiritsa ntchito ndi msemphano. Mfumu ya ku Britain silamula asilikali kapena kukhazikitsa msonkho. Ntchito yake yaikulu nkulankhulira mtundu. Tsono munthu amene udindo wake wonse wagona pa lilime ndi yemweyo amene lilime lamukanika. Sewero lonse laima pamenepa.

Chachiwiri ndi chizindikiro. Kanemayu akuyamba mu 1925 ku Wembley, Bertie, monga ankatchedwera kwao, ali chiimire pamaso pa chinkuzamau, mau atamuuma pakhosi, khamu litazyolika ndi manyazi. Chinkuzamaucho chikuimira mantha ake: chimakuza mau, komanso chimakuza chilema. Pamathero, mu 1939, akukumananso nacho. Chiyambi ndi mathero zafanana dala kuti woonera ayese yekha mtunda umene munthuyu wayenda.

Chachitatu ndi kusiyanitsa atengambali. Lionel Logue, mphunzitsi wa kalankhulidwe wochokera ku Australia, ndi munthu wamba wopanda digiri ya udokotala, koma akuumirira kuitana mwana wa mfumu ndi dzina lakubanja. Wokulira kwa Mkanda kapena kwa Mlonyeni akudziwa kulemera kwake kwa kutchula mfumu dzina pamaso. Mlembi akusonyeza kuti Bertie sakanachira ulemu wa mantha usanachotsedwe pakati pa awiriwa.

Chipangizo choposa zonse ndi chete. Pa uthenga wa nkhondo uja chibwibwi sichikutheratu; mfumu ikuima kawirikawiri, nyimbo ya Beethoven ikumveka pansipansi. Koma kuima kumene kunali manyazi ku Wembley tsopano kukupatsa mau ulemerero. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha.

Wophunzira azindikirenso kuti sewero si buku la mbiri. Logue anayamba kuthandiza Bertie mu 1926, koma mlembi wasendeza zochitikazo kufupi ndi 1936, chaka chimene Edward VIII anatula ufumu, kuti nkhani ikhale ndi mphamvu.

Phunziro lake lafika mpaka m'kalasi. Mwana wachibwibwi akaimirira kuti awerenge, anzake amaseka, mphunzitsi namumalizira mau. Logue sankachita zimenezo: ankadikira. Mphunzitsi amene angadikire masekondi owerengeka chabe adzamva yankho limene mwanayo anali nalo kale.

Gawo lotsatira lidzaunika mbali ya Elizabeth, mkazi wa mfumuyo.