Mbaula yoyamba ya kanyenya: mpamba usathere pa mbaula yokha

Amene amayenda mumsewu wa M1 pakati pa Zalewa ndi Chingeni amadziwa kuti galimoto ikaima pa Phalula sichedwa. Kondakitala wa minibasi amatsitsa anthu awiri, kukweza atatu, n'kumenya chitseko. Kasitomala ali pawindo ali ndi mphindi zochepa zoti aone nyama kapena chimanga chanu, afunse mtengo, alipire. Mukachedwa, ndalama ija ikadyedwa pa Senzani kapena pa Manjawira.

N'chifukwa chake amene akuyamba geni yootcha pamalo ngati amenewa ayenera kuganizira bwino za zipangizo. Ambiri akapeza mpamba amathamangira kugula mbaula yabwino, nyama ndi thumba la makala. Tsiku loyamba amapezeka akutembenuza nyama ndi zala, akubwereka mpeni kwa mnzawo, ndipo madzulo akuthira madzi pamakala amene akanagwira ntchito mawa. Sabata ino tikuona zomwe muyenera kugula limodzi ndi mbaula, kuyambira chofunika kwambiri.

Mbaula yomwe tikunena ndi ija yachitsulo kunja koma yadothi lootcha mkati. Inatchuka ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, komwe amaitcha Kenya Ceramic Jiko, ndipo amisiri akuno akhala akuipanga kwa zaka zambiri. Dothi lija limasunga kutentha m'malo moti kuzithawira m'mbali monga zimachitikira ndi mbaula yachitsulo chokhachokha. Motero makala ochepa amagwira ntchito yaikulu. Koma dothi lomwelo ndi limene limaonongeka msanga mwini wake akapanda kusamala.

Pogula, gogodani dothilo ndi chala. Lootchedwa bwino limalira mosalala, pamene lamng'alu limamveka mogonthera. Onani ngati mabowo apansi ali otseguka onse, ngati dothi lagwirana bwino ndi chitsulo, komanso ngati kachitseko ka mpweya kakutseguka ndi kutsekeka. Kachitsekoko ndiko kamalamulira moto. Kakakhala kolekera, makala amayaka okha ngakhale pamene palibe kasitomala. Mukamanyamula pakabaza, ikulungeni ndi chiguduli, chifukwa mabampu okha amatha kuiswa musanaigwiritse ntchito.

Chipangizo choyamba kugula ndi waya wootcherapo. Apa ndi pomwe ambiri amafuna zotchipa. Ena amadula waya wa mpanda wa nkhuku, ena amatola mashelefu a firiji yakufa. Zitsulo zoterezi zimakhala zokutidwa ndi mankhwala oletsa dzimbiri, penti kapena pulasitiki, ndipo zikapsa zokutirazo zimasenda n'kumatirira pachakudya. Pitani kwa wowotcherera zitsulo akupangireni waya wazitsulo zosapaka kanthu, wolingana ndi kukamwa kwa mbaula yanu. Mipata yake ikhale yaing'ono kuti nthuli zisagwere pamoto. Mumuuzenso aike zogwirira ziwiri ndi timiyendo tokweza wayayo pang'ono, kuti nyama isapserere kunja mkati muli mwazi. Musanayambe kuugwiritsa ntchito, uotcheni wokha pamoto, muukweche, kenaka muupake mafuta ophikira.

Chachiwiri ndi zopanira ziwiri, china cha makala, china cha chakudya. Chopanira chachitali chimakuthandizani kutembenuza nthuli zambiri mwachangu osapsa manja. Chimathandizanso kuti dzanja lomwe lalandira ndalama lisagwire nyama. Kasitomala amaona zimenezi ngakhale sanena. Komanso kubaya nyama ndi foloko kumataya msuzi wake, ndipo imauma n'kuchepa m'maso mwa wogula.

Chachitatu ndi chitini chokhala ndi chivindikiro chothina, chomwe mwina simungagule n'komwe. Ntchito yake ndi kuzimitsira makala. Mukaweruka, panani makala otsala, muwaike m'chitinimo n'kutseka. Akasowa mpweya amazima okha, ndipo mawa mumayambira pomwepo. Musathire madzi m'mbaula yotentha. Dothi lotentha likakumana ndi madzi ozizira limang'aluka, ndipo mbaula yong'aluka imayamba kudya makala ngati yachitsulo wamba. Chitini cha penti kapena cha mankhwala chisagwiritsidwe ntchito pokhapokha chitaotchedwa n'kuyera mbee.

Nkhani yosunga makala si yaing'ono. Kuchokera pamene lamulo la zankhalango linakonzedwanso mu 2020, zilango za opezeka akupanga, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chilolezo zinakula. Wageni amene akudalira makala ogula m'mbali mwa msewu adziwe kuti thumba lake likhoza kulandidwa paloboloko, ndipo mpamba ungathere pomwepo. Makala achilolezo alipo m'dziko muno, monga a Kawandama Hills ochokera ku Viphya, komanso alipo mabuliketi opangidwa kuchokera ku zinyalala za mbewu. Ngati mwapeza mabuliketi, yesani kaye pang'ono, chifukwa ena amasiya phulusa lambiri lomwe limatseka mabowo a mbaula. Kawaya kokolezera mabowowo kazikhala pafupi nthawi zonse.

Chachinayi ndi madzi ndi sopo. Pezani ndowa yokhala ndi kampopi yosambira m'manja, ndi beseni lina lotsukira ziwiya. Tonse tikukumbukira kolera yomwe inalengezedwa mu Malichi 2022 itapezeka ku Machinga, n'kufalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 1,700. Matenda otere akabuka, ogulitsa zakudya zophikaphika ndi amene amayamba kuunikidwa ndi azaumoyo. Ndowa imodzi ikhoza kukhala kusiyana pakati pa wopitiriza geni ndi wouzidwa kuti atseke.

Chachisanu ndi mpeni wakuthwa, thabwa lodulirapo ndi mabeseni awiri ovindikira. Beseni lina likhale la nyama yaiwisi, lina la yakupsa, ndipo zisasinthane. Boma la Balaka ndi lotentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo nyama yaiwisi siichedwa kusintha fungo. Gulani yochepa yoti ithe tsiku lomwelo, kwa wopha amene nyama yake yayezedwa ndi alangizi a ziweto. Ikhale pamthunzi, yovindikira, kutali ndi fumbi la mathiraki ndi ntchentche.

Mpeniwo ndi umene umasunga phindu lanu. Tiyerekeze kuti kilogalamu imodzi mwaganiza kuti izituluka nthuli 20. Mpeni wobuntha ndi dzanja lothamanga zikakupatsani nthuli 17, mwataya zitatu. Ngati mumagulitsa makilogalamu atatu patsiku, ndiye nthuli zisanu ndi zinayi tsiku lililonse, zomwe pamwezi zikuposa 250. Chulukitsani ndi mtengo wanu wa nthuli imodzi muone ngati sizikuposa mtengo wa mbaula imene. Dulani nyama yonse m'mawa muli phee, muwerenge nthuli, mulembe m'kope. Kope ndi cholembera nazonso ndi zipangizo za geni.

Zina zotsatirazi ndi zotchipa koma zimafulumizitsa malonda. Timitengo tansungwi tosongola bwino timathandiza kuti nyama iperekedwe pawindo la basi mosavuta. Tiviikeni m'madzi musanatungire nyama kuti tisapse. Mchere ndi tsabola zikhale m'timabotolo toboola pamwamba, osati m'mbale yomwe aliyense akupisamo zala. Pokulungira, mapepala oyera a khaki ndi abwino kusiyana ndi nyuzipepala yomwe inki yake imatsalira pamafuta. Timajumbo topyapyala n'toletsedwa ndi boma, ndipo pachakudya chamoto timafota. Chokupizira moto mutha kudula pakatoni. Poyatsa moto gwiritsani ntchito zitsononkho kapena tinkhuni touma, chifukwa palafini ndi mapulasitiki zimasiya fungo m'dothi ndi panyama.

Pali zina zomwe zingadikire. Sikelo yanuyanu, ambulera wamkulu, tebulo lachitsulo, bokosi losungira zozizira ndi chiwaya cha tchipisi ndi zabwino, koma mudzagule ndi phindu, osati ndi mpamba woyambira. Ngati mukufuna kugulitsa mpaka usiku, kanyali ka sola kabwere koyamba pa zimenezi, popeza palibe amagula nyama yomwe sakuiona.

Nanga ndalama zigawidwe bwanji? Njira yosavuta ndi kuika mpamba m'milu inayi musanapite kumsika: wa mbaula, wa zipangizo, wa katundu wa masiku oyamba, ndi wosakhudza. Mulu womalizawu ndi wa chiphaso cha msika, mayendedwe, ndi tsiku lomwe mvula yagwa nyama osatha. Mulu wa mbaula ukamafuna kumeza unzake, gulani mbaula yocheperako. Funsani mitengo kwa amisiri awiri kapena atatu, pa Phalula pompo ndi pa Balaka, ndipo muwerengere ndalama yokwerera. Mitengo ya zitsulo yakhala ikusinthasintha chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo womwe mnzanu anagulira chaka chatha usakhale muyeso wanu.

Chenjezo lomaliza ndi la moyo. Mbaula yadothi imasunga moto nthawi yaitali kuposa momwe maso amaonera. Musailowetse m'chipinda chogona kapena m'kashopu kotseka ikadali ndi makala amoto, ngakhale kunja kukuzizira mu Juni. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka komanso wosanunkha, womwe umapha anthu ali m'tulo. Makala apite m'chitini, chitini chikhale panja, mbaula izizire, kenaka muisunge pouma.

Sabata yamawa tidzaona m'mene mungawerengere mtengo wa nthuli imodzi kuchokera pa mtengo wa mbuzi yathunthu.