Mauka obwerabwera: chakudya chili ndi gawo lanji?

Mwa amayi 4 alionse, 3 amadwalako mauka a fangasi pa moyo wawo. Ambiri amachira n'kuiwala, koma ena vutoli limawabwerera katatu kapena kanayi pachaka, ndipo ndi amenewa amene amauzidwa kuti asiye shuga, asiye buledi, azimwa chambiko.

Kodi kuyabwa konse kumaliseche ndi matenda amodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Fangasi wotchedwa Candida albicans amayabwitsa koopsa, chikazi chake chimakhala choyera, chamibulumibulu ngati chambiko, chopanda fungo lenileni. Bacterial vaginosis sayabwitsa kwambiri. Chikazi chimakhala chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha nsomba makamaka pambuyo pogonana. Trichomonas ndi wopatsirana pogonana. Kwa amayi amene amachapa ndi kusamba m'nyanja ku Mangochi kapena Nkhotakota, palinso likodzo: mazira a nyongolotsi zake amakhazikika pakhomo la chiberekero n'kuyambitsa chikazi ndi kuyabwa. Mayi wotere angamwe Flagyl mpaka kutopa osasintha, poti iye akufunika praziquantel.

Nanga matumbo akukhudzidwa bwanji?

M'njira ya mayi wathanzi mumakhala mabakiteriya a mtundu wa Lactobacillus, amene amapanga asidi wosunga pH pansi pa 4.5. M'malo owawasa chotero tizilombo tambiri toipa timalephera kuswana. Candida amakhala m'matumbo mwa anthu ambiri osawadwalitsa, ndipo ulendo wochoka kumbuyo kupita kutsogolo ndi waufupi. N'chifukwa chake anamwino amati podzipukuta, dzanja lizichoka kutsogolo kupita kumbuyo.

Chimene chimasokonezadi mbali zonse ziwiri, matumbo ndi njira ya mayi, ndi maantibayotiki. Makapisozi a amoxicillin ogula pagolosale chifukwa cha chimfine amapha Lactobacillus koma fangasi samugunda n'komwe. Pakatha masiku ochepa, kuyabwa kwayamba.

Kodi shuga ndiye mdani?

Kwa wodwala matenda a shuga, inde. Shuga akakwera m'magazi amatulukiranso mumkodzo, fangasi n'kupeza chakudya. Mayi amene mauka sakumusiya, pomwe akumva ludzu pafupipafupi ndi kudzuka usiku kukakodza, akayezetse shuga asanagule mankhwala ena. Koma kwa amene shuga wake ali bwino, palibe kafukufuku wodalirika woonetsa kuti kusala buledi, nthochi kapena mango kumachiza. Mgaiwa, nyemba ndi ndiwo zamasamba zimadyetsa mabakiteriya abwino a m'matumbo. Zidyedwe ndithu, koma si mankhwala a mauka.

Chambiko ndi yogati zimathandiza?

Mbiri ya yogati inakula mu 1992, pamene Eileen Hilton ndi anzake ku New York anaona kuti amayi oidya tsiku lililonse ankadwala kochepa. Koma mwa amayi 33 amene anayamba kafukufukuyo, 13 okha ndiwo anamaliza. Mu 2004, Marie Pirotta wa ku Melbourne anapereka Lactobacillus wakumwa ndi woika kwa amayi amene ankamwa maantibayotiki, ndipo mauka sanachepe.

Chiyembekezo chili pa Lactobacillus crispatus, wa m'njira mwenimweni osati wa mumkaka. Mu 2020, mankhwala oika okhala ndi bakiteriya ameneyu, otchedwa Lactin-V, anatsitsa kubwerera kwa bacterial vaginosis kuchoka pa amayi 45 kufika pa 30 mwa 100 alionse pa masabata 12.

Ndiye mayi wovutika achite chiyani?

Asiye kutawasa m'kati ndi sopo, mandimu kapena zitsamba zoumitsa. Amene amalangiza zimenezi amafuna ukhondo, koma zimakokolola alonda enieni a m'thupi. Madzi okha kunja n'ngokwanira. Kudula mauka ndi lezala kumangowonjezera bala lolowera matenda.

Akayezetse kuti chidziwike chimene akudwala, kuphatikizapo HIV. Ngati ndi fangasi wobwerabwera, madokotala amapereka fluconazole kamodzi pa sabata kwa miyezi 6. Woyembekezera sapatsidwa ameneyu, amaika clotrimazole. Ndipo ngati ndi bacterial vaginosis, bambo asatsale kunyumba. Kafukufuku wa ku Australia wofalitsidwa mu 2025 anapeza kuti mwamuna akalandira nawo mankhwala akumwa ndi opaka, bacterial vaginosis ankabwerera mwa amayi 35 pa 100 alionse, pomwe mayi akachizidwa yekha chiwerengerocho chinali 63.