Mtsempha wa mumtima ukatsekeka, magazi amadzera kuti?

Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku ndipo m'zipinda zake mumakhala magazi nthawi zonse. Koma chodabwitsa n'chakuti mnofu wa mtimawo sudalira magazi a m'zipindazo. Khoma lake n'lochindikala, moti okosijeni sangalowerere mpaka mkati. N'chifukwa chake mtima uli ndi mitsempha yakeyake, imene mu Biology mumaitchula kuti coronary arteries. Ilipo iwiri, wakumanja ndi wakumanzere, ndipo imayambira patsinde pa aorta. Imatenga pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse a magazi amene mtima umapopa.

Vuto lili apa. Ngakhale munthu atangokhala phee, mnofu wa mtima umayamwa kale pafupifupi magawo 70 pa 100 a okosijeni wa m'magazi amenewa. Palibe wosungira mawa. Ndiye mafuta akaunjikana m'khoma la mtsempha, kenako magazi n'kuundana pamenepo, mnofu wa kutsogoloko umayamba kufa pakangotha mphindi 20 mpaka 40.

Tsono taganizani za M1. Msewu utaduka pakati pa Lizulu ndi boma la Ntcheu, galimoto za ku Blantyre sizingagone pamenepo mpaka kalekale. Zingakhotere pa Masasa, kutsika Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, n'kulowa M5 wodzera ku Sharpevale kukatulukira ku Balaka. Mtimanso uli ndi njira zolambalala zotere: timitsempha tolumikiza nthambi ina ndi inzake, totchedwa collaterals. Dokotala wa ku England, Richard Lower, analemba za ito kale mu 1669.

Komatu timitsemphati n'tating'ono zedi, tambiri sitifika ngakhale theka la milimita. Mtsempha waukulu ukamachepa pang'onopang'ono, mphamvu ya magazi imatsika kutsogolo kwa potsekekapo, choncho magazi ambiri amakankhikira m'tinjira timeneti. Kukhuzika kwa magaziwo m'makoma kumachititsa kuti titakasuke ndi kukhuthala, ngati kanjira ka kudimba kamene kamakula anthu akamadutsapo tsiku ndi tsiku. Izi zimatenga masabata. N'chifukwa chake agogo ena amapezeka ndi mtsempha wotsekekeratu koma akulimabe mbatata ku Tsangano, pamene wina amene mtsempha wake watsekeka mwadzidzidzi amagwa tsiku lomwelo.

Nyamanso zimasiyana. Mbira, zomwe zija ena amaweta kukhitchini, ili ndi njira zolambalala zambiri moti asayansi akamanga mtsempha wake umodzi, mnofu wa mtima suwonongeka. Nkhumba ili nazo zochepa kwambiri. Ife anthu tili pakatikati: kafukufuku wa ku Bern, ku Switzerland, anapeza kuti mwa anthu a mitsempha yabwinobwino, pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi kapena asanu ndi amene ali ndi njira zokwanira kuteteza mtima mtsempha utatsekedwa kwa kanthawi. Kunena zoona, nambala imeneyi si yoti n'kuigonera tulo.

Nkhaniyi si ya azungu okha ayi. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti ku Malawi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi BP yokwera, ndipo BP, fodya ndi shuga ndi zimene zimawononga mitsemphayi. Wina kwanu akamva chifuwa kupanikizika ngati chatsamiridwa ndi thumba la chimanga, ululu n'kumafika kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto kapena njinga yamoto, mupite naye kuchipatala cha boma ku Ntcheu kapena chilichonse chapafupi.