Bodza Lololedwa ndi Chibowo cha M'nkhani: Za Nthano za Sayansi pa Wailesi Yakanema

Pamene agogo ayamba nthano madzulo nati Kalulu anakana kukumba chitsime pamodzi ndi nyama zinzake, palibe mwana amene amaimirira kutsutsa kuti kalulu salankhula. Onse amangovomera kuti "Tili tonse," pakuti adziwa kuti m'dziko la nthano nyama zimakamba milandu ndi kusankha alonda. Koma agogowo atati anene kuti Kalulu, atagwidwa ndi Kamba pachitsimepo, anangomera mapiko nauluka, pomwepo pangabuke phokoso. Anawo angafunse kuti: ngati anali ndi mapiko, nanga anavutikiranji kunyenga alonda ndi uchi masiku onse aja? Bodza loyambalo ndilo maziko a nthano, ndipo omvera analilola poyamba pomwe. Lachiwirilo ndi chibowo, monga cha m'lichero, chimene nkhani yonse imatayikirapo.

Kusiyana kumeneku kufunika kwa mphunzitsi pamene ana abwera m'kalasi ndi nkhani zimene aona pa wailesi yakanema, za zombo zoyenda pakati pa nyenyezi, nafunsa ngati zotere zingachitike. Mphunzitsi woyankha kuti zonsezo n'zabodza wataya mpata wa phunziro. Woyankha kuti zonse n'zoona wasokeretsa ana. Chofunika ndi kupatula mabodzawo, lililonse ndi mtundu wake.

Sewero la Star Trek linayamba kuonetsedwa ku America m'chaka cha 1966, ndipo analiyambitsa ndi Gene Roddenberry. M'chombo chake, Enterprise, muli makina amene amasungunula munthu, namutumiza pa dziko lili pansi, namuumbanso ali wathunthu. Makinawa sanabadwe m'nzeru za sayansi ai, koma m'kusowa kwa ndalama: kujambula chombo chikutera sabata iliyonse kukadawononga ndalama ndi nthawi. Sayansi iwakana ndithu, pakuti mu 1927 Werner Heisenberg anaonetsa kuti sikutheka kudziwa bwinobwino, pa nthawi imodzi, pamene kanthu kakang'onong'ono kali ndi mayendedwe ake. Tsono makina angaumbenso bwanji munthu? Okonza masewero otsatira anadziwa zimenezi, naika m'makinamo kachipangizo kotchedwa ndi dzina la Heisenberg yemweyo, koti kamakonza vutolo. Mmodzi wa iwo, Michael Okuda, atafunsidwa m'mene kamagwirira ntchito, anangoyankha mwanthabwala kuti kamagwira bwino kwambiri. Limeneli ndi bodza lololedwa, lofanana ndi kulankhula kwa Kalulu. Woonera amalilandira pakhomo, ndipo salifunsanso.

Mtundu wina ndiwo kulakwa kwa umbuli. Mu 1975 ku Britain kunatuluka sewero la Space: 1999, lokonzedwa ndi Gerry ndi Sylvia Anderson. Nkhani yake iti pa 13 September 1999 zinyalala za nyukiliya zosungidwa pa mwezi zinaphulika, nizikankha mwezi kuuchotsa m'njira yake, pamodzi ndi anthu 311 okhala pamenepo. Isaac Asimov, mlembi amene analinso katswiri wa sayansi, analemba za seweroli m'nyuzipepala ya New York Times chaka chomwecho, nagawa zolakwa zake patatu: zofunika kuti nkhani ikome, zofunika kuti malonda ayende, ndi zongobwera chifukwa cha kusadziwa. Anaonetsa kuti kuphulikako kunachitikira ku mbali ya mwezi yosayang'ana kuno, kotero kuti kukadaukankhira mweziwo ku dziko lapansi, osati kutali nalo. Analozanso kulakwa kotchula mbaliyo kuti ya mdima, pakuti nayonso imawalidwa ndi dzuwa pa nthawi yake.

Pamenepa mphunzitsi wa masamu ali ndi chuma. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku mwezi, umene uli pa mtunda wa makilomita ngati 384,000, kumafika kuno sekondi imodzi itangopitirira pang'ono. Kuchokera ku dzuwa kumatenga mphindi 8. Koma kuchokera ku nyenyezi yoyandikana ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, kumatenga zaka zoposa 4. Mwezi wa m'sewerolo unali kufika pa maiko achilendo kawirikawiri, monga basi yoima pa siteji ndi siteji. Mwana wa m'makalasi apamwamba, atapatsidwa manambalawa pa bolodi, angathe kudzionera yekha kuti ulendowo ngwosatheka, ndipo chimene wadzipezera yekha sachiiwala msanga.

Za phokoso la zombo m'mlengalenga sizifuna mawu ambiri. Phokoso limayenda mu mpweya, m'madzi kapena m'zinthu zolimba, ndipo kumene kulibe zimenezi kuli zii. Robert Boyle anayesa ichi cha m'ma 1660 pochotsa mpweya m'chibotolo. Okonza masewero achidziwa, koma aopa kuti nkhondo yopanda kulira kwa zida igonetsa oonera. Sewero la Firefly la mu 2002 linalimba mtima nilisiya mlengalenga uli chete, ndipo silinachepe kukoma.

Chibowo chenicheni n'china, ndipo sichifuna buku la sayansi kuti chioneke. Star Trek: Voyager, loyamba mu 1995, likamba za chombo chotayika kutali, chimene ulendo wake wobwerera kwawo ukadatenga zaka ngati 75. Mtima wonse wa seweroli ndi kulakalaka kwawo. Tsono m'chigawo chotchedwa "Threshold", cha mu 1996, woyendetsa chombo Tom Paris anapeza liwiro lopanda malire, loti munthu angafike nalo kulikonse m'kamphindi. Choipa chake n'chakuti iye ndi Kaputeni Janeway anasanduka zilombo zonga abuluzi a m'dambo, mpaka kuswa ana atatu. Kusandulikako n'kwachabe m'sayansi, koma si ndilo vuto lalikulu. Vuto ndi lakuti dokotala wa m'chombo anawachiritsa onse awiri chigawocho chisanathe. Njira yofikira kwawo inapezeka, mankhwala a choipa chake anapezekanso. Nanga anapitiriziranji ulendo wa zaka makumimakumi? Sewerolo silinayankhe, ndipo sabata yotsatira onse anakhala ngati aiwala. Awa ndiwo mapiko a Kalulu aja. Mlembi wa chigawocho, Brannon Braga, anavomera yekha pambuyo pake kuti chinali choipa, ndipo sananame.

Chifukwa chake chibowo chotere chipweteka koposa kulakwa kwa sayansi n'chakuti chimapha nkhawa ya womvera. Munthu amadera nkhawa anthu a m'nkhani pokhapokha akhulupirira kuti pali zimene sangathe kuchita. Ana olemba chimangirizo amagwa m'mbuna yomweyi: mnyamata wazingidwa ndi afisi, ndipo mwadzidzidzi atulutsa mfuti imene sinatchulidwe konse poyamba. Pochonga, mphunzitsi asalembe kuti "zosatheka". Afunse mwanayo kumene mfutiyo inali m'ndime yoyamba, namuuze abwerere akaiike m'manja mwa mnyamatayo asanalowe m'thengo.

Kuti lamulo la nkhani lingasungike zaka zambiri, chitsanzo chili m'sewero la Doctor Who, limene BBC inayamba mu 1963. Mu 1966 William Hartnell, wochita mbali ya Dokotalayo, anafooka ndi matenda, ndipo alembi anapeka kuti munthu wa mtundu wake akafika pa imfa amasintha thupi. Motero Patrick Troughton analowa m'malo mwake. Mu 1976 anaika malire, kuti kusinthako kungachitike ka 12 kokha. Malirewo anafika mu 2013, papita zaka 37, alembi oyambawo atachoka kalekale. Olemba atsopano akadatha kungokhala chete, koma anawerenga kusinthako kumodzikumodzi pamaso pa oonera, namuonetsa Dokotalayo atakalamba, akudikira imfa, kufikira anthu a mtundu wake anamupatsa moyo wina.